Kanyundo ndi Kabokosi Kosalira

Tsiku limene kwaya ya ogwira ntchito kunjanji inkajambula chimbale chake, chimodzi chokhacho, amene anagwira chitseko ndi ine. Ndinachitsamira ndi msana maola asanu ndi limodzi kuti phokoso la sitima lisalowe mkati, ndipo itadutsa sitima ya malasha, mphepo yake inandikankha mpaka zidendene zanga zinakumba maenje awiri m'simenti. Maenjewo alipobe. Mvula ikagwa mumasambira abakha.

Ndanama. Kumeneko sindinapondeko. Tsiku limenelo ndinali kwa wozula mano, kukamwa kuli yasa, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene mpaka lero sindinachite. Koma bodza limeneli ndinauza kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, mwana wa mlongo wanga, patapita masiku atatu mayi ake atamwalira. Kanali katakhala pakhonde, chimbalecho katachikumbatira pachifuwa, kakufunsa aliyense wodutsa kuti mawu a mayi ake ndi ati pakati pa anthu makumi anayi oimba pamodzi. Akuluakulu onse ankangoyang'ana pansi. Ine pakamwa panga sipadziwa kuyang'ana pansi. Ndinakauza kuti ndinali pachitseko ndipo ndinaona ndekha: pa nyimbo yachitatu ya mbali yoyamba, mayi ake anafulumira kulowa, nkuimba "A—" okhaokha anzawo asanatsegule pakamwa. Ndinati wotsogolera kwaya anawatuzulira maso, koma kubwereza sikunatheke. Ndinati kamawuko ndi kakang'ono kwambiri, galamafoni ya pakhomopo siingakatole, kamafunika makina amphamvu.

Kamtsikanako kanapukuta mphuno, nkufunsa kuti amphamvu bwanji.

Mlongo wangayo ankagulitsa matikiti pasiteshoni. Sanali munthu wofulumira pa chilichonse, ndiponso sanali wokalipa. Iye ankatsonya. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, moti tsonyo lake linkayamba pansi, nkukoka, nkuthera ndi kamluzu kumapeto. Akatsonya pazenera la matikiti, mzere wa anthu unkawongoka wokha mpaka kumsewu, ndipo agalu ogona panjira ankadzuka kukagona pena. Ine ndinakulira pansi pa tsonyo limenelo, ndichifukwa chake sindinatalike.

Lero kamtsikana kaja ndi mayi wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wamfupi, wamapewa, ndipo kusiteshoni onse amamutcha Kanyundo. Ntchito yake ndi kugogoda mawilo. Sitima ya katundu ikaima, amavala jekete lake lowala, amatenga nyundo ya chigwiriro chachitali, choko chili m'thumba, nkuyamba kuyenda m'mbali mwa mabogi, kumenya wilo lililonse kamodzi. Wilo lamoyo limalira "ngwee", kulira kwautali ngati belu. Wilo la mng'alu limangoti "du", ngati munthu wamenya mtolo wa zovala zonyowa. Limenelo amalilemba mtanda ndi choko, ndipo bogiyo siichoka ngakhale woyendetsa sitima atagwada m'miyala. Zaka makumi awiri ndi ziwiri wakhala ndi lamulo limodzi, ndipo silinamugwetsepo: chabwino chimalira, choipa chimakhala chete.

Anzake amati amamva ngakhale mng'alu umene sunang'aluke, wongoganiza kumene zodzang'aluka Lachinayi likudzali. Kumsika amagogoda mavwende, makapu, miyendo ya mipando, ndipo ogulitsa akamuonera patali amakankhira katundu wokayikitsa kunsi kwa tebulo. Mwamuna wake, telala woonda wodekha, anamusankha pomugogoda pamphumi ndi chala. Analira bwino, akuti, ngakhale kuti pang'ono chakumanzere. Ine anandigogodapo kamodzi ndi supuni, pa ukwati wawo. Anapendeketsa mutu, anamvetsera, nkundilemba mtanda pamsana pa jekete lobwereka.

Koma za makina amphamvu zija sanaiwale. Atangoyamba ntchito anagula galamafoni yakeyake, ndipo kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana kunyumba kwake kumakhala mlandu. Ine amalume ake amandikhazika pampando wapakati, amapukuta chimbale ndi kaburashi kofewa, amatsitsa singano pampata wa pakati pa nyimbo yachiwiri ndi yachitatu, nkugwira mpweya. Anthu makumi anayi amalowa pamodzi ngati munthu mmodzi. Iye amakweza singano, nkuyang'ana ine.

Poyamba ndinati masipika ndi ogontha. Anabweretsa ena, aatali ngati alonda awiri, omwe anaima mbali ndi mbali ya zenera kuyang'ana aliyense wolowa. Ndinati ampulifaya, makina okuzira mawu, ndi yaulesi. Anasintha. Ndinati galamafoni ikugwedezeka. Anagula ina yolemera moti anaikwezera m'nyumba ndi amuna anayi onyamula katundu pasiteshoni, ndipo mmodzi wa iwo mpaka lero amayenda chammbali. Ndinanena makatani, telala anasoka ena okhuthala ngati mabulangete. Ndinanena simenti, anayala kapeti. Ndinanena firiji, ndipo kuyambira chaka chimenecho banja limenelo limamwa madzi ofunda Lamlungu. Kenako ndinanena singano, poganiza kuti singano zonse ndi zofanana. Anapeza ina yoonda kuposa tsitsi la khanda, imene mtengo wake sutchulidwa telala ali pomwepo.

Singano yatsopanoyo ndi imene inabweretsa nkhani ya kabokosi. Inali yakumva kwambiri koma yolankhula motsitsa, ngati mboni yamanyazi m'khoti, moti ampulifaya sinkaimva. Pakati pa ziwirizi pamafunika kabokosi kotola manong'onong'o a singano nkuwakuza, komanso kubwezeretsa mawu a besi amene opanga zimbale amawachepetsa dala kuti timizere tikwane pachimbale. Kabokosi kamene Kanyundo anali nako kankakuza mawu pamodzi ndi phokoso lakelake, longa mvula pamalata. Kamawu kakang'ono ngati ka mayi ake kakanamira mumvula imeneyo. Choncho anatsimikiza zofuna kabokosi ka mavalavu, timababu tagalasi tija timayaka mofiirira ngati makala. Anandiuza pakhonde, akuvula nsapato zake zantchito, kuti pa makina onse chatsala chosasintha ndi chimenechi basi. Akapeza chabwino, amva mayi ake.

Ndinawerenga m'mutu zimene ndikanatha kunenanso. Panalibe. Zifukwa zanga zonse anali atazigula.

Wogulitsa timabokosi timeneti ndi mkulu wina amene anthu amangomuti Bambo Mawaya. Sitolo yake ili pamwamba pa wokonza nsapato, masitepe ake ndi opapatiza moti munthu wonenepa amagulira pansi. Mkati mumanunkha fumbi lotentha ndi mtovu wosungunuka. Mwiniwake amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi, ndipo sagulitsa kwa munthu asanamufunse mafunso. Titapita kumeneko, anafunsa Kanyundo mtundu wa singano yake ndi mphamvu imene imatulutsa. Anafunsa utali wa mawaya, kutalika kwa denga, ngati pansi ndi pa matabwa, ngati pakhomo pali mphaka, ngati mwamuna wake amayenda ndi zidendene kapena ndi zala. Kanyundo anayankha zonse ataima njo ngati akupereka lipoti la sitima.

"Nanga mumamvera nyimbo zanji, mayi?"

"Chimbale chimodzi."

"Chonse?"

"Nyimbo yachitatu."

"Yonse?"

"Poyambira pokha. Isanayambe."

Bambo Mawaya anavula magalasi onse awiri. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, amene ndinali kunong'oneza Kanyundo kuti sitolo imeneyi ikununkha chinyengo. Analowa kuseri, nkutuluka katatu, ulendo uliwonse atanyamula bokosi. Anati atenge onse atatu akawayese kwawo sabata imodzi, chifukwa kabokosi kotere sikasankhidwa m'sitolo, kamasankhidwa m'chipinda chimene kadzakhalemo. Anawonjeza kuti mavalavu akayatsidwa azipatsidwa mphindi makumi awiri kuti atenthe, ndipo asagwidwe ndi manja amafuta.

Telala ndi amene anawapatsa mayina. Loyamba, lakuda, lolemera, la mavalavu asanu ndi limodzi, analitcha Abwana, chifukwa litangolowa linalanda shelefu yabwino. Lachiwiri, lonyezimira, la timabatani tagolide ndi mavalavu oima poyera ngati makandulo, analitcha Mkwatibwi. Kachitatu kanali kotuwa, kopanda chokongoletsa chilichonse, kofanana ndi chitini chotengeramo chakudya kuntchito. Kameneko kanangokhala Kachitini.

Loweruka masana Kanyundo anayamba mayeso. Anazimitsa firiji, anatseka makatani, anatulutsa wotchi yapakhoma nkukaiika kubafa. Analumikiza Abwana poyamba. Asanaike ndi chimbale chomwe, masipika anayamba kung'ung'udza pansipansi, "mmmm", ngati munthu amene sanakhutire ndi tiyi. Kanyundo anati chinthu cholankhula chisanafunsidwe sachifuna. Abwana anatsitsidwa pansi, ndipo mphaka anawakwera pomwepo akadali ofunda, nkugona.

Analumikiza Kachitini. Masipika anakhala chete moti telala anafunsa ngati magetsi azima. Kanyundo anadikira mphindi makumi awiri, anatsegula kachivundikiro, nkutenga supuni ya tiyi. Zimenezi Bambo Mawaya sananene, koma munthu wogogoda mawilo sangalandire chinthu m'nyumba mwake asanachifunse ndi chitsulo. Anagogoda valavu yoyamba, pang'ono chabe. Galasi linangoti "ti", masipika osayankha. Anagogoda yachiwiri, chimodzimodzi. Anapukusa mutu ngati dokotala wotuluka m'chipinda cha wodwala, anatulutsa choko, nkulemba mtanda pamwamba pa Kachitini. Chimbale sanachiyese nkomwe. Anati bogi ya mng'alu sainyamulitsa anthu kuti aone ngati ifike.

Mkwatibwi atatentha, supuni inangokhudza valavu yake ndipo masipika onse awiri analira "ngweeee", kulira koyera, kwautali, kozungulira chipinda chonse nkukathera m'makapu a m'kabati. Mphaka anadzuka nkutuluka pazenera lotseka. Kanyundo anatsinzina, anamvetsera mpaka kulirako kutatha, ndipo nkhope yake inawala ngati mmene imawalira sitima yonse ikatuluka yopanda mtanda. Anati limeneli ndiye lamoyo.

Ine za mavalavu sindidziwa kanthu, koma phokoso ndimalidziwa, ndipo ndinaona kuti mu bokosi limeneli muli pobisala. Ndinaomba m'manja. Kuombako kunatulukanso m'masipika.

Sabata imeneyo banja lija linaona zosaona. Mkwatibwi ankamva zonse. Telala akadula nsalu kuchipinda, sizasi yake inkamveka pabalaza ngati munthu akunola zikwanje ziwiri. Aneba akatseka chitseko, masipika ankalira mpaka madzulo. Munthu akadutsa mumsewu atavala nsapato zolimba, kwaya inkaimba ndi belu kumbuyo. Kanyundo analamula kuti aliyense aziyenda ndi masokosi, ndipo telala, amene amatafuna mokweza, anadya nthochi zokhazokha masiku anayi. Anaika bokosilo pa pilo. Anaika piloyo pa chubu cha njinga chopopa pang'ono. Kenako analipachika kudenga ndi zingwe zinayi za telala, likulendewera pakati pa balaza ngati khanda la mfumu, aliyense akulizungulira chowerama. Akangokweza mawu pang'ono, masipika ankagwedeza mavalavu, mavalavu nkuuza masipika, masipika nkubwezeranso, mpaka nyumba yonse inkalira mokuwa ndipo agalu a mumsewu wonse ankasonkhana pageti kudzathandiza.

Kanyundo sanagwedezeke. Ankati chinthu chakumva chonchi sichingalephere kumva mayi ake. Chofunika ndi kuti dziko likhale chete pang'ono.

Lamlungu linafika. Mimba yanga inalira pamene ndinkakhala pampando, ndipo tonse tinaimva kuchokera ku sipika ya kumanja, ndi besi yake yomwe. Pamenepo ndi pamene satana anandikhala paphewa. Mpando wanga unali pafupi ndi bokosi lolendewera lija. Kanyundo anatsitsa singano, anatsinzina monga mwa masiku onse. Ine ndinasendeza milomo kufupi ndi valavu, ndinafinya kukhosi, ndipo kwaya isanalowe ndinati, mwa kamawu koonda, "A—".

Kanatuluka m'masipika, kali ndi kabelu kumapeto.

Kanyundo anaimirira. Dzanja linapita pachifuwa, pamalo pomwe paja ankakumbatira chimbale ali mwana. Misozi inatsika osaipukuta. Telala anasiya nthochi. Kenako mayiyo anachita zimene amachita wogogoda mawilo aliyense akamva chinthu chachilendo: anabwereza. Ulendo wachiwiri ndinachedwa, chifukwa ndinali kumeza malovu, moti "A—" anafika kwaya italowa kale. Ulendo wachitatu anabwera ndi kachifuwa.

Anakweza singano. Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, pang'onopang'ono.

"Chimene chili pachimbale sichisuntha," anatero. "Ndiponso mawu amenewa ali ndi mng'alu. Ndi a munthu wopanda mano am'mbali. Amayi anali ndi mano onse."

Ndinatseka pakamwa. Iye anayang'ana bokosi, osati ine, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. Misozi ija inanditsata mpaka kwathu. Tsiku limenelo sindinadye kanthu, kupatula chakudya chamadzulo.

Lolemba ataweruka, Kanyundo anamasula Mkwatibwi kudenga nkukwera naye masitepe a Bambo Mawaya, jekete lantchito akadali nalo. Anadandaula kuti bokosilo ndi lamoyo ndithu, limalira bwino kuposa wilo latsopano, koma layamba kupeka anthu. Mkulu uja anafunsa kuti kulira bwino kwake nkutani. Kanyundo anatulutsa supuni m'thumba. Bambo Mawaya anamugwira dzanja supuniyo isanafike, analumikiza bokosilo, nkuligogoda yekha ndi kumbuyo kwa pensulo. Sitolo yonse inalira, ndipo wokonza nsapato pansi anamenya denga ndi tsache.

"Mayi, wilo ntchito yake ndi kulira mukalimenya," anatero. "Valavu ntchito yake ndi kumvera singano basi. Iyi yamasuka mkati. Ikayamba kumva supuni, mawa imva mapazi, mkuja imva miseche ya aneba."

Kanyundo anati miseche ya aneba yaimva kale, Lachitatu.

Mkuluyo anapepesa kuti sanaliyese asanalipereke, nkufunsa za kotuwa kaja. Kanyundo anayankha kuti kali ndi mng'alu, kagogodedwa kawiri osayankha, ndipo kalembedwa mtanda. Bambo Mawaya anatsitsa magalasi apamphumi nkuwaphatikiza ndi apamphuno kuti amuone bwino. Anati kuno kwawo lamulo ndi lotembenuka: choipa chimalira, chabwino chimakhala chete. Mavalavu a mu kotuwako anawasankha yekha mwa makumi atatu, pofuna awiri osamva chilichonse kupatula chimene atumidwa.

Kanyundo anakhala pa kreti. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anali asanalembepo mtanda pa chinthu chamoyo. Anakhala pamenepo akuyang'ana supuni yake ngati yamuchitira chiwembu, mpaka mkulu uja anamupatsa madzi. Anamupatsanso kawaya kakang'ono kobiriwira, koti amange mbali ina pa kasikulu ka kumbuyo kwa galamafoni, mbali ina pa kabokosi, kuti kung'ung'udza kulikonse kotsala kutsikire pansi. Anamuuzanso kuti kabokosiko akatalikitse ndi ampulifaya, chifukwa ziwirizi zikakhala moyandikana zimapatsirana matenda.

Kunyumba anapeza Kachitini kali patebulo la telala, katapanikiza nsalu ya diresi kuti isauluke. Anakanyamula ndi manja awiri, anafufuta mtanda ndi kansalu konyowa, nkukapepesa mokweza, telala akumva. Telala akuti anafuna kufunsa ngati mtanda wa amalume nawonso ufufutidwe, koma ataona nkhope ya mkazi wake anabwerera ku sizasi.

Loweruka m'mawa, telala atapita kukayesa makasitomala, Kanyundo anakhala yekha pabalaza. Anamanga kawaya kobiriwira, anayatsa, anadikira mphindi makumi awiri manja ali pamawondo. Singano itatera pampata uja, kwa nthawi yoyamba kunalibe mvula pamalata, kunalibe belu, kunalibe kung'ung'udza. Kunali malo. Anamva nsapato ikukhwekhwereza pasimenti. Anamva mapiko a nkhunda m'mwamba, ndi mphepo. Anamva wotsogolera kwaya akukoka mpweya m'mphuno. Ndipo anthu makumi anayi analowa pamodzi, ngati munthu mmodzi.

Anabwereza kasanu. Panalibe "A—". Panalibe ngakhale malo oti "A—" angakhalepo.

Ulendo wachisanuwo sanakweze singano. Mkono unali wolema. Nyimbo yachitatu inaimbidwa mpaka kumapeto, ndipo iye anazindikira kuti mapeto akewo sakuwadziwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi anali akumvera mphindi yosakwana imodzi. Yachinayi inadutsa, yachisanu inadutsa, singano inafika pakati nkumangozungulira. Anadzuka, anatembenuza chimbale, nkuika mbali yachiwiri, imene timizere take tinali tatsopano ngati tagulidwa dzulo. Chimene anamva kumapeto kwa mbali imeneyo sanauze munthu mpaka Lamlungu. Telala akuti anamupeza atakhala pansi pa kapeti, akuseka, mphuno ili yofiira.

Ine Lamlungulo ndinabwera nditakonzeka. Panjira ndinali nditapeza zifukwa zitatu zatsopano: kuti mpweya wa mwezi uno ndi wonyowa, kuti magetsi a Lamlungu amakhala otopa, ndiponso kuti chimbale chinajambulidwa choyang'ana kum'mawa pamene nyumbayo imayang'ana kumpoto. Ndinapeza zingwe zachotsedwa kudenga, telala wavala nsapato, ndipo pa shelefu pali Kachitini kokha, kakuyaka mwakachetechete m'timabowo take. Kanyundo anandikhazika pampando wapakati, nkundiikira kastulu koti ndiikepo miyendo. Ulemu umenewu ukanandichenjeza.

Anaika nyimbo yachitatu. Bata lake linandiopsa. Kwaya italowa ndinaloza sipika ya kumanzere nkunena kuti apo, kadutsa, kakang'ono kwambiri, mwina iye waphethira. Anakweza singano, anatembenuza chimbale, nkutsitsa pa nyimbo yomaliza.

Inali nyimbo yodekha, yotsazikana. Kumapeto kwake onse anasiya pamodzi, kupatula bambo mmodzi wa besi amene anapitiriza kukoka liwu lake yekha, monyadira, ngati ng'ombe imene sinauzidwe kuti anzake alowa m'khola. Anakoka, anakoka, nkuzindikira, nkumeza. Kunakhala zii. Ndipo m'bata limenelo, chakumanja pang'ono, pamzere wa amayi, munthu wina anatsonya. Tsonyolo linayamba pansi, linakoka, nkuthera ndi kamluzu.

Miyendo yanga inatsika yokha pa kastulu. Msana unawongoka. Chipewa ndinangochipeza chili m'manja.

"Pepani, achemwali," ndinatero, ndisanaganize.

Telala anaseka mpaka anakagwira khoma, kenako kusekako kunasanduka zina ndipo anatuluka kukayang'ana nyengo. Kanyundo anabwereza malowo katatu. Ulendo uliwonse bambo wa besi ankakoka, ankameza, ndipo mlongo wanga ankatsonya pamalo pomwepo, osafulumira, osachedwa, wosatheka kumusokoneza ndi munthu wina aliyense mwa makumi anayiwo. Mwana wake anakhala pansi pafupi ndi sipika, mutu atautsamiritsa pathabwa lake, maso ali otseka.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Ine mtima utangobwerera m'malo mwake, pakamwa panadzuka. Ndinati tsopano ndakumbukira bwino, zaka zinandisokoneza, sikunali kuimba msanga koma kutsonya kumeneku. Ndinati ndinaona zonse: wa besiyo anali wophika wa kukantini, ndipo atatsonyeredwa anafota nkutsika mainchesi atatu. Ndinati tsonyolo linawoloka chipinda chonse nkudzandimenya ine pachitseko, moti khutu ili linamva kutentha mpaka Lachisanu.

Kanyundo anatsegula maso.

"Amalume, chitsekocho chinali mbali iti?"

"Kumanzere," ndinatero. "Chachitsulo, chobiriwira. Cholemera ngati bogi."

Anadzuka, anabweza singano kumbuyo pang'ono, pa bata la pakati pa nyimbo ziwiri zomaliza, nkukweza mawu. Kachitini sikanawonjezere kanthu kake. Anandiuza kuti ndimvetsere mphepo. Inkalowa pa sipika ya kumanzere, kudutsa pakati pa anthu, nkutulukira kumanja. Anandiuza kuti ndimvetsere nkhunda. Zinkalowa ndi kutuluka mmene zafunira.

"Iyi ndi shedi ya katundu," anatero. "Ndimadutsamo kawiri patsiku, ndimaidziwa kulira kwake. Ndi denga ndi mizati basi, khoma ilibe. Inamangidwa choncho." Dzanja lake linalowa m'thumba nkutuluka ndi choko. "Ndiye tandiuzani bwinobwino, amalume. Chitseko chimene munagwira maola asanu ndi limodzi chija ndi chiti?"